Nsalu Ikamakwinyika Mukapeta Mwa Njira Zakalekale

Pali mphindi imene wopeta nsalu aliyense amaiopa. Mwatha miyezi itatu kapena inayi mukuweramira felemu yokungirapo nsalu, masamba ndi maluwa zatuluka bwino, nkhope imene mwaiumba ndi ulusi ikuoneka ngati ikupuma, ndiye mwatenga sizasi n'kudula zingwe kuti nsalu imasuke. Ikangomasuka, yayamba kudzikoka. Kuzungulira duwa lililonse kwabadwa timakwinya tothamangira kunja ngati mizu, pakati patukumuka, m'mphepete mwapotoka. Mukaisita imagona tsiku limodzi, kukacha makwinya aja abwerera pamalo pawo.

Vutoli limavutitsa kwambiri anthu amene asiya timaluwa topepuka n'kuyamba kuyesa njira zakale zolemera, monga kugoneka ulusi waubweya mmene anachitira pa nsalu yaitali yakale yotchedwa Bayeux Tapestry, kumanga ulusi wagolide, kapena kudzaza nkhope ndi silika mmene ankachitira amisiri a ku England m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Ambiri amaloza chala polakwika. Ena amati dzanja lawo ndi lolemera, ena amati anagula nsalu yachabechabe. Nthawi zina n'zoona. Koma pa ntchito zokwinyika zimene zadutsa m'manja mwanga, zanga zomwe, zochuluka zinaonongeka singano isanalowe n'komwe. Zinaonongekera pa kakungidwe ka nsalu ndi pamalo amene felemu imagona mwini wake akapita kukapuma.

Njira zakalezi anazipangira nsalu yokungika ngati ng'oma. Chithunzi cha pakhoma chimene Francesco del Cossa anajambula ku Palazzo Schifanoia mumzinda wa Ferrara ku Italy cha m'ma 1470 chikuonetsa amayi akupeta pa felemu yamakona anayi. Charles-Germain de Saint-Aubin, amene ankakonza mapulani a zopeta kunyumba yachifumu ya ku France, anasindikiza buku lofotokoza ntchitoyi mu 1770, ndipo zithunzi zake zikuonetsa felemu zazikulu zamatabwa, nsalu itamangidwa ndi zingwe, manja onse awiri a wopeta ali omasuka, lina pamwamba lina pansi. Mkombero wozungulira umene ambirife tinayambira unafala ku Europe mochedwa, m'zaka za m'ma 1700, pamodzi ndi kapetedwe ka kangowe kotchedwa tambour. Choncho mukatenga njira ya m'chaka cha 1300 n'kuiika pa mkombero wopyapyala wogwira ndi dzanja limodzi, mukupempha chida kuti chichite ntchito imene sichinabadwire.

Makwinya amanena okha kumene achokera

Musanamasule ngakhale ulusi umodzi, yalani nsaluyo patebulo, muiunikire kuchokera chammbali kuti mithunzi ioneke, ndipo muone maonekedwe a makwinyawo. Saoneka mofanana onse.

Ngati akutuluka ngati cheza cha dzuwa kuzungulira malo amene mwadzaza kwambiri, nsalu inali yolobodoka pamene munkapeta. Ulusi uliwonse umene munakoka unkasonkhanitsa nsalu pang'ono, mwina kachidutswa kochepa kuposa tsitsi, koma mukachulukitsa kachidutswako ndi masitichi zikwi zingapo mumapeza kuti pakati pachepa pamene kunja kwatsala momwe kunalili. Nsalu yotsalayo ilibe kopita, ndiye imapindika.

Ngati nsalu yonse yapendekera mbali imodzi, makona ake osalingana, ndiye kuti munaikunga mopotoka. Ulusi wa m'litali ndi ulusi wopingasa wa nsaluyo sunakumane mowongoka pa felemu. Ili mkati mwa felemu inkaoneka bwino chifukwa zingwe zinkaikakamiza, koma itamasuka ikufuna kubwerera mmene anailukira, ndipo zopeta zanu zikuikaniza.

Ngati munaphatikiza nsalu ziwiri ndipo pali matuza, nsalu yapamwamba ikutukumuka pamene yapansi yagona, vuto lili pakati pa nsalu ziwirizo. Mwina imodzi munaikoka kuposa inzake, kapena ulusi wa nsalu ziwirizo sukuyenda mbali imodzi.

Ndipo ngati zonse zinali bwino mpaka tsiku limene munaichapa, nkhani yake ndi yaifupi: nsalu yafupika koma ulusi wopetera sunafupike nayo, kapena ulusi ndi umene wafupika. Bafuta ndi thonje zimafupika zikanyowa koyamba. Chapani ndi kusita nsalu musanajambulepo chilichonse, ndipo yapansi yomwe muichape. Pamenepa palibenso zambiri zonena.

Kukunga felemu, ntchito imene anthu amaithamangira

Felemu yakale, imene opeta amaitchula kuti slate frame, ili ndi mitengo iwiri yokulungirapo nsalu, uliwonse wokhomeredwa lamba wansalu yolimba, ndi matabwa awiri am'mbali okhala ndi timabowo tolowetsamo zikhomo. Royal School of Needlework, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 1872 ndipo masiku ano ili ku Hampton Court Palace ku England, imaphunzitsabe pa felemu yotereyi, ndipo wophunzira amatha maola angapo akungokunga, osapeta kanthu. Ine poyamba ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Ndinasintha maganizo nditataya ntchito ya miyezi iwiri chifukwa chofuna kupulumutsa ola limodzi.

Yambani ndi kuwongola nsalu. Solani ulusi umodzi m'mphepete kuchokera uku mpaka uko, ndipo mudule motsatira kanjira kamene katsala. Musakhulupirire mmene anadulira wogulitsa. Pindani m'mphepete mwa kumtunda ndi kumunsi pafupifupi sentimita imodzi, motsatirabe ulusi wa nsalu. Pezani pakati penipeni pa nsalu ndi pakati penipeni pa lamba, mukumanize, mubaye pini, kenako musokerere kuchokera pakatipo kupita kudzanja lamanja, mubwerere pakati n'kupita kumanzere. Osayambira kumapeto n'kumangopita, chifukwa nsalu imatsetsereka pang'onopang'ono pansi pa chala ndipo mukafika tsidya lina imakhala itasuntha. Ulusi wosokera ukhale wolimba, ndipo masitichi ake asiyane kutalika, ena aatali ena aafupi, kuti mphamvu yokoka isagwere pa mzere umodzi wa nsalu n'kuing'amba.

Mukatero lowetsani matabwa am'mbali, muike zikhomo m'mabowo ofanana mbali zonse. Werengani mabowowo, musangoyerekeza ndi maso. M'mbali mwa nsalu sokereranimo lamba wina, kenako mumange ndi chingwe cholimba kuchokera pa lambayo kuzungulira thabwa, motalikirana masentimita awiri kapena atatu. Tsopano kokani, koma mosinthasintha: zikhomo bowo limodzi, zingwe zakumanja pang'ono, zakumanzere pang'ono, kenako zikhomonso. Amene amamaliza mbali imodzi kaye ndi amene amapeza nsalu yopendekera ija. Pomaliza gogodani ndi chala. Ikalira ngati ng'oma, yakwana. Ikamangonjenjemera osalira, sinafike. Tengani chinthu chokhala ndi ngodya yowongoka, buku kapena pepala, muike pa nsaluyo muone ngati ulusi wa m'litali ndi wopingasa ukutsatira ngodyayo.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kukunga sikuchitika kamodzi. Zingwe zimatanuka, nsalu imagonja, matabwa amatsatira nyengo. Tsiku lililonse musanayambe, gogodani, ndipo mukoke zingwe ngati pakufunika. Malekezero a chingwe muwamange mfundo yosavuta kumasula pa chifukwa chimenechi.

Ngati mulibe felemu yotere ndipo mukugwiritsa ntchito mkombero, kulungani mkombero wamkati ndi kansalu kathonje kuti ugwire bwino, mumange sikuluwu ndi chomangira chake osati ndi zala zokha, mukoke nsalu motsatira ulusi wake osati mopendekera, ndipo muichotse mukamaliza tsikulo. Pa ntchito yaing'ono yaubweya zimatheka. Pa golide sindingakulangizeni.

Kugoneka ubweya ngati pa Bayeux

Bayeux Tapestry ndi yaitali pafupifupi mamita 70 ndipo m'lifupi ndi pafupifupi theka la mita. Dzina lake limasocheretsa, chifukwa siyolukidwa ayi, ndi ubweya wopetedwa pa bafuta, wofotokoza zimene zinachitika mpaka nkhondo ya ku Hastings mu 1066. Mahatchi, zombo ndi zovala anazidzaza ndi njira ya magawo atatu. Choyamba ankagoneka ulusi wautali moyandikana kudutsa chithunzi chonse. Kenako ankagoneka ulusi wina mopingasa, motalikirana pang'ono. Pomaliza ankamanga ulusi wopingasawo ndi timasitichi ting'onoting'ono. Mizere ya m'mphepete ndi zilembo anazipeta ndi stem stitch, masitichi opendekera otsatizana amene amapanga mzere ngati kachingwe.

Cholakwa chofala chili pa gawo loyamba. Munthu wozolowera satin stitch, njira yodzaza malo ndi ulusi wosalala woyandikana, amatulutsa singano mbali iyi, kulowetsa mbali inayo, kenako n'kudutsitsa ulusi kunsi kwa nsalu kubwerera kumene anayambira. Potero ulusi wazungulira nsalu ngati lamba wam'chiuno, pamwamba ndi pansi, ndipo ukamakoka umafinya nsalu yapakati. Amisiri akale sankatero. Ankalowetsa singano m'mphepete n'kuitulutsa pafupi pomwepo, ulusi n'kubwerera pamwamba. Mukatembenuza ntchito yopetedwa motere, kumbuyo mumangoona timadontho m'mphepete. Ubweya unkapulumuka ndipo nsalu sinkafinyika.

Ngati timadonthoto tikukuvutani chifukwa singano ikutulukira m'bowo lomwe yalowera, gonekani ulusi maulendo awiri. Ulendo woyamba siyani mpata wokwana ulusi umodzi pakati pa mizere, ulendo wachiwiri mudzaze mipatayo. Ndipo musakoke. Ulusi wogoneka uyenera kungogona, wosalendewera komanso wosamangika. Ukamaoneka womasuka pang'ono musade nkhawa, ulusi wopingasa uja ndi umene udzaugwire. Timasitichi tomanga tisayandikane mumzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, tisinthanesinthane ngati njerwa zapakhoma, apo ayi pamatseguka kanjira pakati pa ulusi wapansi ndipo nsalu imaonekera.

Golide ndi silika

Apa ndi pamene nsalu yolobodoka imakulangani msanga. Ntchito ya ku England imene Azungu ankaitchula kuti Opus Anglicanum inatchuka kwambiri moti mndandanda wa katundu wa Vatican wa chaka cha 1295 uli ndi zidutswa zake zoposa 100. Imodzi mwa zotsala ndi Syon Cope, mkanjo wa wansembe wopetedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, umene uli ku Victoria and Albert Museum ku London. Chinsinsi cha kufewa kwa zovala zimenezi chinali njira yotchedwa underside couching. Ulusi wagolide umagona pamwamba. Ulusi wabafuta wolimba umachokera kunsi, kutuluka, kukola golideyo, n'kubwerera m'bowo lomwelo, ndipo wopeta amaukoka mpaka kachidutswa ka golide katalowa kunsi kwa nsalu. Pamwamba simuona ulusi womanga, mumangoona golide wopindika ngati timahinji, choncho chovala chimagwa bwino pathupi, ndipo ulusi womangawo sukhudzidwa ndi kukhuzika chifukwa wabisala kumbuyo.

Tsono taganizani mphamvu imene ikufunika kuti golide adutse m'kabowo ka singano. Nsalu ikakhala yokungika, mumamva kakulira kakang'ono pamene golide walowa, ndipo nsalu sisuntha. Ikakhala yolobodoka, m'malo moti golide alowe, nsalu ndi imene imatsatira ulusi kupita pansi. Mumakoka kwambiri, imatsatiranso, ndipo pamapeto pake malo onse agolide amakhala ngati chigwa chozunguliridwa ndi makwinya. Mukaona kuti mukulimbana ndi sitichi iliyonse, siyani, kungani. Ngati yakungika koma golide akukanabe, singano yachepa, tengani yokulirapo kuti itsegule njira. Pa singano zopetera, nambala ikamakwera singano imachepa, choncho ngati muli pa 10 tsikirani pa 8 kapena 7. Bafuta wake akhale wolukidwa mothinana, ndipo amisiri akale kawirikawiri ankaphatikiza nsalu ziwiri, yosalala pamwamba ndi yokhuthala pansi.

Kuphatikiza kumeneku n'kumene kumabala matuza aja. Njira yake ndi iyi. Kungani nsalu yapansi, kaliko kapena bafuta, koma musaifikitse pomaliza, ingokhala yowongoka. Yalani yapamwamba, ulusi wake ukuyenda mbali imodzi ndi wa yapansi, muisalaze kuchokera pakati, mubaye mapini kuchokera pakati pa mbali iliyonse kupita kumakona, kenako musokerere m'mphepete ndi masitichi aatali ndi aafupi, kuyambiranso pakati. Mukamaliza m'pamene mukoke zikhomo ndi zingwe, kuti nsalu ziwirizo zikungike pamodzi ngati imodzi. Mukakunga yapansi mpaka kulira n'kuyala silika pamwamba pake, tsiku lomasula yapansi idzafupika ndipo silika adzatukumuka.

Pomanga golide pamwamba, mmene anachitira amene anapeta zovala za woyera mtima St Cuthbert zimene zili ku Durham Cathedral, tchalitchi chachikulu cha ku England, zopangidwa pakati pa 909 ndi 916, kapena amisiri a ku Flanders, dera la ku Europe, m'zaka za m'ma 1400 amene ankajambula zithunzi pomanga golide ndi silika wamitundu mu njira ya or nué, singano izituluka ndi kulowa choimirira, pafupi ndi golide koma osalowa pansi pake. Sitichi yopapatiza kuposa golide amene ikumanga imatsina nsalu. Ulusi womangira muupake phula lanjuchi kuti usasosoke pokhuzana ndi chitsulo. Malekezero a golide muwalowetse kunsi ntchito ya malowo itatha, osati pakati pa ntchito, ndipo muwasokerere kubwerera pansi pa golide mnzake.

Nkhope za Opus Anglicanum anazidzaza ndi split stitch yasilika, timasitichi tating'ono kwambiri, singano ikutulukira pakati pa ulusi wa sitichi yam'mbuyo. Pamasaya ankazungulira ngati chigoba cha nkhono kuchokera pakati, kuti kuwala kuzigwa mosiyanasiyana ndipo nkhope ioneke yamoyo. Pa zidutswa zambiri zotsala, masayawo ali ndi kadzenje kapena katumphu. Ndikunena izi kuti mtima wanu ukhale pansi: mukazungulira motere ndipo pakati pakatukuka pang'ono, sikuti mwalakwa kwambiri, kuthithikana kwa masitichi ozungulira kumachita zimenezo. Koma kakakula mpaka kukoka mphuno ndi maso, ndiye kuti mizere mwaipanikiza. Mzere uliwonse ungokhudza unzake, usaukwere.

Ulusi nawonso uli ndi mlandu wake

Zopeta zaubweya za ku England za m'zaka za m'ma 1600, za mitengo yopindika ndi masamba akuluakulu pa makatani a bedi, anazipeta pa nsalu yolukidwa mwa twill, yokhala ndi timizere topendekera. Sanaisankhe mwangozi. Nsalu yotere ndi yothinana ndipo imasenza ubweya wambiri osagonja. Mukatenga pulani ya nthawi imeneyo n'kuiika pa thonje lopyapyala, ngakhale mukunge bwanji, nsalu idzalephera kunyamula katundu. Ulusi wolemera umafuna nsalu yolemera, kapena nsalu ina pansi.

Ubweya umatanuka. Mukaukoka pamene mukupeta umatalika, ndipo mukausiya umabwerera pang'onopang'ono, ukukoka nsalu. Ulusi wautali kwambiri umawonjezera vutoli, chifukwa umapyapyala podutsa m'nsalu kambirimbiri ndipo mumayamba kuukoka kuti ugone. Dulani wotalika kuchokera kunsonga ya chala mpaka pachigongono, osapitirira.

Pali kanthu kenanso kamene ambiri sakadziwa. Ulusi umapotedwa mbali ziwiri. Uimikeni pamaso panu muone timizere take: ngati tapendekera ngati pakati pa chilembo S, ndi wa S, ngati tapendekera ngati pakati pa Z, ndi wa Z. Thonje lopetera lofala, monga la kampani ya DMC la timaulusi 6, ndi la S, koma silika wina ndi rayon, ulusi wopangidwa kufakitale wonyezimira ngati silika, ndi za Z. Mukamapeta stem stitch, mbali imene mumasiya ulusi imachititsa kuti upotedwe kwambiri kapena umasuke. Ukapotedwa mopitirira umauma, umapanga timfundo ndipo umakoka nsalu. Mukaona ulusi ukudzipiringiza wokha, siyani singano ilendewere kuti udzimasule, ndipo yesani kusintha mbali imene mukuusiya.

Ntchito itakwinyika kale

Ngati ndi ubweya kapena thonje pa bafuta, chiyembekezo chilipo. Yambani mwayesa utoto: nyowetsani kansalu koyera, mukadinde pa mtundu uliwonse wa ulusi, makamaka wofiira ndi wakuda. Kakatenga mtundu, madzi asayandikire. Kakatuluka koyera, tengani thabwa lofewa, muyalepo nsalu yoyera, mujambule mizere yowongoka yokutsogolerani ndi chinthu chosasuluka, muike ntchito yanu mbali yopetedwa kumwamba, ndipo muikhomere ndi mapini osachita dzimbiri. Yambani pakati pa mbali imodzi, kenako pakati pa mbali yoyang'anana nayo, mukukoka, n'kumapita kumakona, mapini motalikirana sentimita imodzi kapena awiri. Mukatero iwazeni madzi oyera mpaka inyowe, muisiye iume yokha pamthunzi. Bafuta akamauma amadzikoka ndipo makwinya ambiri amachoka. Nthawi zina pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Simbi siingachite zimenezi, imangophwanya masitichi n'kuwasiya ogona.

Golide asakhudze madzi. Silika nayenso amataya kuwala ndipo amasiya zipsera za madontho. Opeta a ku Japan ali ndi njira yawo: ntchito ikadali pa felemu amapaka kumbuyo kwa masitichi phala lopyapyala la sitachi watirigu, amaipatsa nthunzi kuchokera kunsi, n'kuisiya iume isanamasulidwe. Phalalo limagwira masitichi pamalo pawo. Ngati ntchito yanu yagolide mwaimasula kale ndipo yakwinyika, chotsala ndi kuikunga pa katoni yolimba yopanda asidi. Yalani kansalu kofewa pa katoniyo kuti kameze makwinya ang'onoang'ono ndi malekezero a golide, bayani mapini m'mbali mwa katoni kuchokera pakati, kenako mumange kumbuyo ndi ulusi wolimba uku ndi uku ngati zingwe za nsapato, mbali zazitali poyamba.

Ndipo pali nthawi imene palibe chingathandize koma kumasula. Ngati malo amodzi okha ndi amene afinya nsalu, dulani masitichi kuchokera kumbuyo, muzule ndi kopanira, mupukute nyenyeswa, mukande nsalu pang'ono ndi chikhadabo kuti timabowo titsekeke, mukungenso, muyambirenso. Zimawawa, koma ndi masiku awiri, pamene makwinya mudzawaona moyo wonse wa nsaluyo.

Chipinda chopeteramo

Vuto likamabwerera ngakhale mwakunga bwino, yang'anani chipinda. Felemu yaikulu imafuna zogonekapo ziwiri zolimba, zofika pamsinkhu woti mikono yanu isalendewere, kuti isapendame ndipo musaitsamire. Munthu akatopa amaika chigongono pa nsalu osadziwa, ndipo pamalo pamenepo pamatanuka. Sizasi, phula ndi maulusi zikhale pa katebulo kapadera kumbali ya dzanja limene mumagwiritsa ntchito, osati pa nsalu. Kulemera kwa sizasi yogona pamenepo usiku wonse kumakwanira kusiya kadzenje.

Mukamaliza tsiku, phimbani ntchito ndi nsalu yoyera kapena pepala lopanda asidi. Felemu isatsamire khoma lozizira kapena lonyowa, isayandikire moto kapena chotenthetsera, ndipo kumbuyo kwake kusatsamire kanthu. Bafuta ndi matabwa zimamwa chinyezi ndi kuchitulutsa, choncho felemu imene imagona pachinyezi usiku n'kuwombedwa ndi dzuwa masana imamangika ndi kumasuka tsiku lililonse, ndipo masitichi a m'mawa sakhala ofanana ndi amadzulo. Nyumba zosungira zinthu zakale zimayesetsa kuti chinyezi chikhale cha pakati, pafupifupi 50 peresenti, chosakwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Kachipangizo koyeza chinyezi n'kakang'ono, kaikeni pafupi ndi felemu. Kuwala kuzichokera kumbali ina osati ya dzanja lopeta, kuti mthunzi usagwere pa singano. Kuwala kwa chammbali kumathandizanso kuona makwinya akangoyamba, pamene kukonza kukadali kosavuta. Koma dzuwa lisagwere pa ntchito: nsalu zakale amazionetsa pa kuwala kochepa, kwa 50 lux kokha pa muyeso wa kuwala, chifukwa silika ndi utoto zimafooka ndi kuwala.

Pa kasungidwe, ine ndinasiya kusanja ulusi potengera mtundu wokha. Bokosi lodzaza ndi zofiira zonse limakongola, koma ndi mmene munthu amatengera silika wa Z poganiza kuti ndi thonje. Ubweya ukhale pawokha, silika pawokha, thonje pawokha, ndipo mitundu isanjidwe m'katimo. Nsalu zochapa kale ndi zosachapa zikhale pa mashelefu osiyana, chidutswa chilichonse chili ndi kapepala konena kuti ndi chiyani ndiponso ngati chinalowa m'madzi. Pakatha chaka simungakumbukire, ndipo kuphatikiza kaliko wosachapa ndi bafuta wochapa ndi njira yachidule yopezera matuza. Pa ntchito iliyonse sungani kachidutswa ka nsalu yomweyo, kokungidwa padera, koyeserapo ulusi ndi singano musanapite pa ntchito yeniyeni. Dzazani kamalo kakang'ono, mumasule, muone ngati kagona. Lembani m'kope nambala ya singano, ulusi ndi nsalu.

Ulusi wagolide ndi wasiliva ukhale m'pepala lopanda asidi, m'bokosi lotsekedwa, kutali ndi mphira. Siliva amada akakumana ndi sulufule, ndipo timphira tomangira zinthu timatulutsa sulufuleyo, ubweya nawonso uli naye, choncho ziwirizi zisagone dirowa imodzi. Mugwire golide ndi manja osamba, opanda mafuta odzola. Mapini ndi singano musazisiye zobaya pa nsalu, dzimbiri limadya ulusi. Amene anaonapo zopeta za ulusi wakuda zotchedwa blackwork za m'zaka za m'ma 1500 amadziwa zimene chitsulo chimachita: silika wakuda ankamudaya ndi mankhwala okhala ndi chitsulo, ndipo pa zidutswa zambiri ulusi unanyenyeka, kwangotsala timabowo ta singano pa bafuta woyera. Ubweya watsopano ukalowa m'chipinda, makamaka wopatsidwa kapena wogula kwa munthu, uikeni m'pulasitiki yotsekedwa bwino, ukhale m'firiza yozizira madigiri 18 pansi pa ziro kwa milungu iwiri, kenako ufunde wokha pulasitikiyo isanatsegulidwe. Mazira a njenjete saoneka ndi maso.

Ntchito yomalizidwa imene simunaiike pa katoni musaipinde. Mzere wopinda umathyola ulusi wa bafuta ndipo umaphwanya golide. Ikulungeni pa chubu chachikulu chokutidwa ndi pepala lopanda asidi, nkhope ya zopeta ikuyang'ana kunja, pepala lina pakati pa mikulungo. Mukaikulunga nkhope m'kati, masitichi amapanikizana ndipo nsalu yowazungulira imapindika, makwinya omwe aja munalimbana nawo n'kubwereranso ili m'dirowa. Chubucho chigone chopingasa, malekezero ake atakhala pa zochirikiza, kuti kulemera kwake kusagwere pa nsalu.